Agogo aja sanasamuke, anasuntha ndi malire

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati agogo awo a agogo a amuna anu mwawapeza mu kalembera wa 1850 ku New Bremen, mu county (boma laling'ono) ya Auglaize ku Ohio, m'dziko la America, koma mu wa 1840 simukuwaona, chikhalirecho akubanja amati anafika kuchokera ku Germany cha m'ma 1830. Mwatinso mu 1860 analembedwa kuti anabadwira ku Hanover, mu 1870 n'kulembedwa Prussia, ndiye mwayamba kukayika ngati ali munthu mmodzi. Musataye mtima. Ine ndinachezerapo usiku wambiri pa ntchito yomweyi, kufufuza akuchimuna kwanga, ndipo ndikuona kuti muli pafupi kwambiri.

Mu 1840 county ya Auglaize kunalibe. Inakhazikitsidwa mu 1848, atadula mbali ina ya Mercer ndi mbali ina ya Allen. New Bremen nthawi imeneyo inali ku Mercer. Choncho munthu akhoza kulima munda womwewo, kumwa pa chitsime chomwecho, koma kalembera wina n'kumulemba ku Mercer, wotsatira n'kumulemba ku Auglaize. Tsegulani kalembera wa 1840 wa Mercer, mupite ku German Township. Zikalata za malo ndi za ukwati za chisanafike chaka cha 1848 muyambenso kuzifunira ku Celina, likulu la Mercer, musanapite ku Wapakoneta, likulu la Auglaize, chifukwa nthawi zambiri mabuku amatsala kumene analembedwera. Laibulale ya Newberry ku Chicago ili ndi mapu aulere pa intaneti otchedwa Atlas of Historical County Boundaries, ndipo amaonetsa mmene malire a county anasinthira chaka ndi chaka.

Koma dziwani kuti kuyambira 1790 mpaka 1840 kalembera wa ku America ankalemba dzina la mutu wa banja lokha. Ena onse m'nyumbamo ankangowerengedwa m'magulu a zaka, opanda mayina. Ngati agogowo anali mnyamata wogona pakhomo pa eni ake, mwina akugwira ganyu yokumba ngalande ya Miami and Erie imene inadutsa pa New Bremen, dzina lawo silipezeka ngakhale mutsegule tsamba loyenera. Wa 1850 ndiye woyamba kulemba mfulu aliyense ndi dzina lake, zaka zake ndi kumene anabadwira.

Nkhani ya township ndi imene imasokoneza anthu ambiri, ndipo nanenso inandizunguza mutu kwa miyezi. Mawu ndi amodzi koma zinthu ndi ziwiri. Pali township ya oyeza malo: bwalo la mamailosi 6 mbali zonse, logawidwa m'ndime 36, ndime iliyonse maekala 640. Imeneyi sisuntha, ili ndi manambala amene anaikidwa kalekale. Ndiye pali township ya ulamuliro, ya dzina ngati German kapena Jackson, imene akuluakulu a county ankatha kuidula anthu akachuluka, kuilumikiza ndi ina, kapena kuisintha dzina. Kalembera amatsata yachiwiriyi. Chikalata cha malo chimatsata yoyamba. Mukapeza chikalata chonena nambala ya ndime, ya township ndi ya range (mzere wa matownship), mwagwira chinthu chimene sichisintha, ndipo mungathe kuloza pa mapu a lero pamene panali khomo lawo. Ngati anagula malowo mwachindunji ku boma, yang'anani pa tsamba la General Land Office Records la Bureau of Land Management. Mayina enanso anasinthidwa dala pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene chilichonse cha Chijeremani chinkadedwa. New Berlin ya ku Ohio inasanduka North Canton mu 1918.

Njira imene inandithandiza kuposa zonse ndi ya anthu oyandikana nawo nyumba. Mlembi wa kalembera ankayenda khomo ndi khomo, ndiye mayina pa tsamba amatsatana monga mmene nyumba zinalili m'mbali mwa msewu. Ine ndinalemba papepala mabanja asanu a pamwamba pa dzina lathu ndi asanu a pansi pake mu 1860, kenako ndinasiya kusaka dzina lathu n'kuyamba kusaka la mmisiri wa zitsulo amene anali khomo lachiwiri. Nditamupeza mu 1870, ndinatsika ndi chala pa sikirini mzere umodzi, wachiwiri, ndipo banja lathu linali pomwepo, ana onse asanu ndi mmodzi motsatana bwinobwino. Dzina ndi limene linalembedwa mokhota, inki itafalikira pa chilembo choyamba, ndipo amene anakonza mndandanda wa pa kompyuta analiwerenga molakwika. Usiku umenewo ndinadzutsa bambo a kunyumba kuti adzaone. Chonde musadalire bokosi losakira lokha la masamba a pa intaneti ofufuzira makolo monga FamilySearch kapena Ancestry. Tsegulani chithunzi cha tsamba lenilenilo muwerenge township yonse.

Mayinanso amasanduka. Müller amakhala Miller, Schneider amakhala Snyder, Zimmermann mpaka kufika pa Carpenter, Heinrich n'kukhala Henry. Ajeremani ambiri ankabatizidwa mayina awiri kapena atatu koma n'kumaitanidwa ndi lachiwiri, moti abale atatu onse akhoza kukhala a Johann m'buku la tchalitchi pamene kunyumba ali Georg, Friedrich ndi Wilhelm. Kumbukiraninso kuti mu 1849 kolera inapha anthu ambiri ku New Bremen ndi ku Minster. Mu 1850 mukhoza kupeza mayi wamasiye atakwatiwanso, ana ake atalembedwa ndi dzina la bambo owapeza, kapena atagawidwa kwa achibale.

Za Hanover ndi Prussia zisakuvuteni n'komwe. Germany ngati dziko limodzi inayamba mu 1871. Chisanafike chaka chimenecho kunali maufumu ambirimbiri: Bavaria, Württemberg, Baden, Saxony, Oldenburg ndi ena. Prussia inameza Hanover mu 1866. Ndiye munthu amene mu 1860 anayankha kuti Hanover, mu 1870 anali ndi chifukwa chomveka choyankhira kuti Prussia. Kwa ine umenewu ndi umboni wakuti ndi munthu yemweyo, malinga ngati zaka zake ndi mayina a ana zikugwirizana. Zaka zikasiyana ndi chimodzi kapena ziwiri musadandaule, woyankha pakhomo nthawi zina ankakhala mwana kapena mlendo.

Kalembera wa 1890 musavutike kuufuna, pafupifupi wonse unawonongeka pa moto wa ku Washington mu 1921. Wa 1880 umanena ubale wa aliyense ndi mutu wa banja komanso kumene makolo anabadwira, ndipo wa 1900 umanena chaka chimene munthu analowera m'dzikomo.

Chimene kalembera sangakupatseni ndi dzina la mudzi wa ku Germany, ndipo popanda mudzi simungawoloke nyanja, chifukwa kumeneko mabuku akale a ubatizo ankasungidwa parishi ndi parishi. Ambiri a m'dera la Hanover ankakwerera sitima ku Bremerhaven, ndipo mndandanda wa okwera wa ku Bremen wa zaka zimenezo unawonongedwa. Wa ku Hamburg ulipo, koma umayambira 1850. Choncho mudziwo muusake ku Ohio komweko. Lemberani ku tchalitchi chimene ankapemphera mupemphe kaundula wa maliro ndi wa maukwati, popeza abusa a Chijeremani kawirikawiri ankalemba mudzi umene munthu anabadwira. Onaninso mwala wa pamanda ndi chilengezo cha maliro m'nyuzipepala ya Chijeremani ya m'deralo. Ngati agogowo sanalembedwe mudzi, yesani mchimwene wawo kapena amene anaimira ana awo pa ubatizo, chifukwa anthu a mudzi umodzi ankatsatana n'kukamanga moyandikana.

Mukapeza dzina la mudzi, ngakhale litalembedwa mokhota, liikeni pano ndi chithunzi cha tsambalo. Zilembo zakale za Chijeremani ndinaziphunzirako pang'ono, tidzawerengera limodzi, kenako tidzaliyang'ana mu Meyers Gazetteer, buku la mayina a midzi ndi mizinda ya ku Germany, kuti tidziwe parishi yake.