Amene wapatsidwa Malawi azinena chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangoyamba kumene kuphunzitsa za ubale wa mayiko pa yunivesite ina. Kalasi yake ili ndi ophunzira oposa 100, ndalama zochitira china chilichonse palibe, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kuphunzitsa zokambirana za mayiko kudzera m'sewero loyerekeza, lija ophunzira amakhala nthumwi za maboma. Akuluakulu ena a m'dipatimenti amuuza kuti zimenezo n'zachibwana.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu ndili pakhonde kuno ku Mchinji, ndipo yandikumbutsa tsiku limene mpaka lero limandichititsa manyazi.

Chaka changa choyamba kuphunzitsa ndinakonza sewero lotere. Ndinangotengera zimene ndinaona pa intaneti, zija amati Model United Nations. Tinayerekeza Khonsolo ya Chitetezo ya bungwe la United Nations, mipando 15, isanu mwa iyo ya mayiko okhala ndi mphamvu yokana chigamulo chilichonse: America, Britain, France, Russia ndi China. Ndinaonjezerapo mpando wa Malawi ngati mlendo woitanidwa, kuti kwathu kusasowe. Tsikulo anyamata anabwera atatchena masuti obwereka, ena manja a jekete akulekeza pamwamba pa wotchi. Anakanganirana America mpaka tinachita maere. Maere omwewo anagwetsera Malawi kwa mtsikana wina wa kwathu kuno, wa cha ku Kapiri, mmodzi mwa ana aja amakhala kutsogolo ndi zolembera ziwiri.

Panatha maola awiri. Wa America anaimirira kasanu, wa Russia anamenya tebulo, kalasi inaomba m'manja. Mtsikana uja anangokhala duu, chikwangwani chake cha katoni chili patsogolo pake. Anzake atatuluka, iye anatsalira akupinda katoni ija, ndipo anandiuza motsitsa mawu: "Aphunzitsi, ndinawerenga usiku wonse. Koma sindinapeze chimene ndikanawamana kapena chimene ndikanawapatsa. Ndiye amene wapatsidwa Malawi azinena chiyani?"

Ndinasowa chonena, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinali nditaphunzitsa ana kulankhula pagulu, luso limene ambiri anabwera nalo kale kuchokera ku makalabu a mtsutso a kusekondale. Kukambirana sindinawaphunzitse olo pang'ono. Choipitsitsa, mwana wa m'dziko muno anatuluka m'kalasi mwanga atatsimikiza kuti ntchito ya dziko lake n'kukhala chete eni mphamvu akamalankhula.

Yankho la funso lake ndinali nalo kuyambira ndili mwana, kungoti sindinkadziwa kuti nalonso lingalowe m'kalasi ya ku yunivesite. Amayi anga ankalima mtedza wa Chalimbana, ndipo chaka ndi chaka tinkakankha matumba panjinga kupita nawo pa Kamwendo. Venda ankapachika sikelo panthambi, n'kupisa dzanja m'thumba, kutapa njere, kuifikisa ndi zala, kuiluma, kenako n'kupukusa mutu kuti sunaume bwino. Zonsezo ankachita akudziwa chinthu chimodzi: teremu yatsegulira, fizi ikufunika mawa. Amayi ankadandaula, ankatchula mtengo wa venda wa patsidya pa msewu, koma mapeto ake ankatambasula dzanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chaka china amalume anagulitsa mbuzi ziwiri n'kundilipirira fizi mtedza usanakumbidwe n'komwe. Tinapita pa Kamwendo monga mwa masiku onse, venda analuma njere, anatchula mtengo wake. Amayi sanakweze mawu. Anangomanga kukamwa kwa thumba ndi luzi n'kundiuza kuti, "Kweza, tizipita. M'nyumba suola." Tisanafike ndi pamsewu pomwe, venda uja anatithamangira sikelo ili m'manja. Mtedza unali womwewo, amayi anali omwewo, ndipo sanalankhule mokoma kuposa chaka chinzake. Chinasintha n'chakuti akakana anali ndi kolowera. Patapita zaka ndinakazipeza m'mabuku: Roger Fisher ndi William Ury a ku Harvard anachitcha BATNA mu 1981, kutanthauza chimene ungachite zokambirana zikakanika.

Tsono taganizani za anthu athu amene anakakhala patebulo ndi IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko, mu 2023, kuno galimoto zili ndandanda m'malo omwetsera mafuta, ndalama zakunja zitasowa m'mabanki. Mu Novembala chaka chimenecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo patangopita masiku ochepa IMF inavomereza ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni yoti iziperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Pofika Meyi 2025 pulogalamuyo inali itafera m'njira, titangolandirako gawo loyamba. Ine sindikuweruza amene anapitawo. Ndikunena kuti anapita ngati amayi anga fizi isanalipidwe, ndipo ntchito imene ophunzira anu adzaigwire ndi imeneyo, kukambirana uli wochepa mphamvu, mnzakoyo akudziwa kuti wapanikizika. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ana 100 anuwo amene adzakhale kazembe wa America. Nanga tikuwatayitsiranji nthawi kuyerekeza kukhala iye?

Ndipo wochepa mphamvu sikuti alibe chonena, monga ndinam'ganizitsira mtsikana uja. Pa zokambirana za kusintha kwa nyengo, mayiko osaukitsitsa oposa 40 amalankhula ngati gulu limodzi, ndipo mu 2024 ndi 2025 wapampando wa gululo anali Mmalawi, a Evans Njewa. Thumba la ndalama zothandizira mayiko oonongekeredwa ndi nyengo, limene linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, linatheka chifukwa mayiko osauka anakakamira limodzi kwa zaka zambiri. Patangotha miyezi inayi Namondwe Freddy anatisonyeza chimene ankanena. Nkhanga zinapangana kusanapse. Kupangana koteroko ndi luso, kumafuna kudziwa amene ungamukope, chimene ungamulonjeze ndi tsiku limene angakuthawe, ndipo munthu saluphunzira pomvera lekichala akuwerenga manotsi.

Apa ndiye mawu akuti "zachibwana" amandipsetsa mtima. Ndani wa ife anaphunzira kuphika nsima powerenga? Tinaphunzirira ku masanje, ndi timiphika ta zitini ndi ufa wopempha. Ophunzira zamalamulo amachita khoti loyerekeza, anamwino amayamba abaya chidole asanakhudze munthu, asilikali amayeserera nkhondo kuli bata, ndipo palibe amene amati akusewera. Koma munthu amene tidzam'tume kukasainira ngongole yoti adzabweze adzukulu athu, ameneyo tikuti angoloweza matanthauzo a mawu n'kulemba mayeso a maola atatu basi. Zachibwana zenizeni ndi sewero limene palibe amene angataye kanthu, longa langa loyamba lija. Ngati akuluakulu anuwo anaonapo lotero, sakulakwa kwenikweni kulinyoza.

Amalume omwe aja a mbuzi anali nkhoswe ya mabanja angapo m'mudzi, ndipo ine ndinkawanyamulira mpando. Nkhani ikafika pouma, akuchimuna atapereka maganizo amene ngakhale ine mwana ndinkaona kuti ndi abwino, iwo ankangoti, "Tamva. Koma ife ndife otumidwa, tiyambe takaonana ndi amene atituma." Ankazungulira kuseri kwa nkhokwe kumene amayi akuluakulu a pabanjapo anali pamphasa, ndipo mkangano weniweni unkachitikira kumeneko, monong'ona. Nthawi zina ankabwerako nkhope itagwa, atakanizidwa chimene mumtima anali atachivomera kale. Nthawi zina kukanizidwa komweko ndiye kunali chida chawo: "Mwaona nokha achimwene, ine ndikanalola, koma kuseriku akana." Akuchimuna ankayang'anana, kenako n'kuonjezera. Robert Putnam analemba mu 1988 kuti nthumwi ya dziko imakhala pa matebulo awiri nthawi imodzi, la kunja ndi la kwawo. Nditawerenga, m'maso mwanga munabwera nkhokwe ija. Nduna ikasaina ku Lusaka kapena ku Gaborone imabwerera ku Nyumba ya Malamulo, kwa alimi, kwa eni mafakitale a ku Kanengo, kwa ovota. Sewero lopanda anthu a kuseri kwa nkhokwe ndi bodza, chifukwa wophunzira amangovomera chilichonse kuti nthawi ikamatha aoneke ngati wayanjanitsa anthu.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti nkhani zochitira masewerowa tazikhalira. Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika pamalire ndi Zambia ndi makilomita 12 okha. Mu Disembala 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegulira chipata cha Mwami ndi Mchinji pamene munthu amaima kamodzi kokha m'malo moima mbali zonse ziwiri. Amayi amene amadutsa pamenepo ndi matumba kupita ku Chipata ali ndi dongosolo la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lopeputsira amalonda ang'onoang'ono, ndipo dongosololo limayendera mndandanda wa katundu amene mayiko awiriwa anagwirizana. Ndiye kuti alipo anthu amene anakhala pansi n'kukangana kuti mumndandandamo mulowe chiyani, musalowe chiyani. COMESA yomweyo inakhazikitsidwa ku Lilongwe mu Disembala 1994, likulu lake lili ku Lusaka, ndipo mlembi wake wamkulu woyamba anali a Bingu wa Mutharika. Koma afunseni ophunzira a chaka chachitatu, mupeza kuti za mizinga ya ku Cuba ya mu 1962 akuzidziwa bwino kuposa zimenezi.

Palinso za mu 2025. Mu Malichi boma lathu linaletsa kuitanitsa katundu wina wakunja pofuna kuteteza alimi ndi kupulumutsa ndalama zakunja. Mu Epulo Tanzania inabwezera, inatseka zokolola zathu pamalire n'kutchulanso za feteleza, ndipo anthu ku Songwe anaona chimene chimachitika dziko lopanda doko likakangana ndi mwini doko. Kumayambiriro kwa Meyi nduna zinakumana ku Dodoma nkhani n'kuzizira. M'nkhani imodziyi muli phunziro la semesita yathunthu. Kolowera kwathu ndi Beira ndi Nacala, koma kodi n'kokwanira? A Tanzania nawonso anali ndi alimi awo a nthochi ndi mpunga akulira kuseri kwa nkhokwe yawo.

Za mkangano wathu ndi Tanzania pa malire a nyanja ya Malawi ndikuchenjezeni, musayambire pamenepo. Ndinayesapo. Ukangotchula pangano la Heligoland la mu 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, lija limaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, kalasi yonse imasanduka gulu limodzi, ndipo opatsidwa Tanzania amachita dala kufooka. Ngati amkhalapakati ake, atsogoleri opuma a Chissano, a Mbeki ndi a Mogae, anaivutikira osaimaliza, ana ongoyamba kumene siingawaphunzitse china koma kukuwa. Isungireni kumapeto, ndipo mpando wa Tanzania mudzaupereke kwa wophunzira amene nkhani ya nyanjayo imamuwawa kuposa onse, afotokoze mokhulupirika chifukwa chimene anzathuwo amanenera kuti malire ali pakati pa madzi. Ndinaonapo mnyamata akutuluka thukuta pochita zimenezi, ndipo pepala limene analemba pambuyo pake linaposa onse amene ndinachonga chaka chimenecho.

Nanga ana 100 aja?

Musawaike patebulo limodzi. Agaweni m'magulu atatu kapena anayi, onse achite nkhani imodzi nthawi imodzi, lina m'kalasi, lina pakhonde, lina pansi pa mtengo. Ine ndinkagwiritsa ntchito nkhani yopeka ya mtedza: Zambia yatseka mtedza wa ku Mchinji ponena kuti uli ndi chuku, pamene ife tikufuna chimanga chawo. Dziko lililonse likhale ndi nthumwi zitatu patebulo, otsalawo akhale a kuseri, alimi, amalonda, unduna wa zachuma, otsutsa boma. Aliyense mum'patse pepala limodzi lachinsinsi lonena chimene akufuna, pamene sangapitirire, ndi kolowera kwake zikakanika. Mapepalawo asafanane mphamvu. Pangano lisagwire ntchito mpaka a kuseri atalivomera. Patebulo alankhule Chingerezi, kuseri alankhule chilankhulo chimene akufuna, mudzamva nokha kumene nzeru zikutulukira.

Malikisi musapereke kwa wopambana, mungawete anthu abodza ndi aliuma. Chongani pepala limene alemba asanalowe ndi limene alemba atatuluka. Ola lomaliza likhale loulula mapepala achinsinsi ndi kuyerekeza zimene magulu apeza, chifukwa m'pamene wina amagwira pakamwa atazindikira kuti walolera zambiri kwa munthu amene anali wopanikizika kuposa iye. Mkulu amene akuti n'zachibwanayo musakangane naye mu ofesi. Mum'pemphe mwaulemu adzakhale nduna ya zachuma ya gulu limodzi, adzaone yekha mmene ana amakonzekerera akadziwa kuti kuseri kuli munthu woti akam'khutiritse.

Mtsikana wa ku Kapiri uja analipo chaka chotsatira pamene ndinachititsa sewero la mtedza koyamba. Mpando wa Malawi anachita kuupempha yekha. Chapakati pa zokambirana anasonkhanitsa mapepala ake, anauza a Zambia kuti akukaonana ndi amene am'tuma, ndipo anakhala panja mphindi 15, kuwasiya akuyang'ana chitseko. Mapepala achinsinsi a sewerolo ndikadali nawo m'katoni. Ena chiswe chinadya, koma a Zambia, a alimi ndi a unduna wa zachuma ali bwinobwino. Ngati mukuwafuna mundilembere, ndiwajambula pafoni ndikutumizireni pa WhatsApp.