Za mphatso ya apongozi ako

Eee mng'ono wanga, ndaliona funso lako lija, lakuti uwagulire chiyani apongozi ako pa Khirisimasi. Ndikuyankha pakamwa, kulemba kwandikanika, manja ali m'madzi.

Choyamba, chovala ayi. Nsapato ndiye usayerekeze. Waiwala za chaka chatha? Ndinawafunsa alamu ako mozemba, iwo amvekere, “ndimavala 9.” Ine thamangu, kukagula 9. Osadziwa kuti yomwe ndagulayo ndi 9 ya ku America, yomwe ndi yaing'ono poyerekeza ndi 9 ya ku Britain. Ku Ulaya nakonso amawerenga zawozawo, 42, 43 uko. Pa 25 poti ayese, chidendene chinakana kulowa. Risiti n'kuti nditataya kalekale. Mpaka lero zili pansi pa bedi, zatsopano. Iwo akaziona amaseka. Ine sindiseka.

Komatu chimene chimanditopetsa si ndalama kwenikweni, koma kulosera za mumtima mwa munthu. Umufunse akufuna chiyani, ati “chilichonse.” Ubweretse chilichonsecho, pakamwa pakuti zikomo, nkhope ili gwa. Ndiye pali uja ali nazo zonse kale. Palinso uja sunamuwerengere n'komwe, wangotulukira ndi kaphukusi kako kokulunga bwino, iwe manja lende, kumangoti “yanu ikubwera.” Ikubwera kuchokera kuti? Ana ndiwo sabisa, koma zomwe amalirira mu Novembala pofika Disembala aziiwala. Ukagula choseweretsa, uiwale mabatire, tsiku lonse kulira.

Iii ndasochera. Za apongozi ako. Usawafunse okha, sanganene, achita manyazi. Tuma bambo a kwanuwo, ndi mayi awo amenewo. Akapita akaponye maso, aone chomwe chatha kapena chathyoka, kaya ndi ambulera, kaya chikwama chomwe zipi yake inafa. Chimenecho ndiye ugule. Usadikire pa 24, m'masitolo mumakhala mosapondeka ndipo zabwino zimakhala zitatha. Polipira ufunse ngati amalola kubweza, komanso pamasiku angati. Risiti uisunge, usachite zanga.

Enanu ndikudziwa mukumvetsera mwakachetechete. Bwanji chaka chino tilembe mayina patimapepala, aliyense atole kamodzi, agulire munthu mmodzi basi? Tigwirizane malire a ndalama, tithane nazo. Koma ndaneneratu, ndikatola dzina la alamu ako ndikabweza kapepalako, nditole kena.