Chrome ikumadzitsekera yokha: musathamangire kufomata

Funso: Amisiri, ndili ndi laputopu ya Windows 10, RAM yake ndi 4 GB. Masabata awiri tsopano Chrome ikumangodzitsekera ndili mkati molemba ntchito. Nthawi zina imalemba kuti "Aw, Snap!", nthawi zina imangosowa pa sikirini osanena kanthu. Ndaichotsa n'kuiikanso kawiri, palibe chasintha. Mwamuna wanga akuti ndingofomata. Nditani?

Yankho: Mayi, awuzeni bambo adikire kaye. Kufomata, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikanso Windows, kudzakutengerani tsiku lathunthu losamutsa mafayilo ndi kuikanso mapulogalamu, ndipo ngati vuto lili pa RAM (malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira panthawiyo) kapena pa extension (kapulogalamu koonjezera mu Chrome) ina yomwe mumaikonda, lidzabweranso madzulo a tsiku lomwelo.

Mwafotokoza matenda awiri, ngakhale inu mukuwaona ngati amodzi. Chiyambire pomwe idatuluka mu 2008, Chrome idamangidwa mwakuti masamba omwe mwatsegula amayenda paokhapaokha, aliyense m'chipinda chake, ndipo pamwamba pawo pali pulogalamu yaikulu yowayang'anira. Mukaona "Aw, Snap!" ndiye kuti yafa ndi tab imodzi, tsamba limodzi mwa omwe mwatsegula, zinzake zili moyo. Windo yonse ikasowa, wagwa ndi woyang'anira uja. Palinso matenda achitatu omwe simunawatchule: kompyuta yonse kuuma, mbewa osasuntha, kapena sikirini kusanduka ya buluu. Zikafika pamenepo browser imangonamiziridwa, wodwala ndi makina. Choncho ikagwanso, musathamangire kuitsegula. Yang'anani kaye kuti yagwa motani, ndipo munkachita chiyani.

Tiyambe ndi "Aw, Snap!" uja. Pansi pa mawuwo pamakhala timalemba ting'onoting'ono toyamba ndi "Error code". Anthu ambiri satiwerenga, chonsecho ndi pomwe browser imaulula chomwe chaipha. Pa laputopu ya 4 GB ndikuganiza kuti mudzapeza "Out of Memory", kutanthauza kuti RAM yatha. Windows 10 payokha imadya pafupifupi theka la 4 GB yanuyo musanatsegule chilichonse. Onjezani WhatsApp ya pa kompyuta, YouTube, imelo ndi ma tab khumi omwe mudaiwala kutseka dzana, malo atha. Muli mu Chrome, dinani Shift ndi Esc pamodzi. Patuluka kabokosi kosonyeza tab iliyonse ndi extension iliyonse ndi kuchuluka kwa RAM yomwe ikudya. Yadyerayo imaonekera pompo. Kenako pitani ku Settings, Performance, muyatse Memory Saver. Imeneyi idabwera ndi Chrome 108 kumapeto kwa 2022, ndipo ntchito yake ndi kugoneka ma tab omwe simukuwagwiritsa ntchito kuti abweze RAM.

Muonenso disiki C. Tsegulani This PC: kamzera kosonyeza malo kakakhala kofiira, vuto lina ndi limenelo. RAM ikadzaza, Windows imakhuthulira zina pa disiki, mu fayilo yotchedwa pagefile. Disiki ikadzazanso, ilibe kokhuthulira, ndipo tab imafa. Ndidalandirapo laputopu yomwe mwini wake adalumbira kuti ili ndi vairasi. Nditatsegula foda ya Downloads ndidapeza mavidiyo omwewo atatsitsidwa katatukatatu, ena osamaliza n'komwe. Titachotsa, kamzera kadasanduka ka buluu, browser osagwanso. Vairasi sitidaipeze.

Ngati m'malo mwake palembedwa STATUS_ACCESS_VIOLATION, ndiye kuti pulogalamu idafuna kugwira mbali ya RAM yomwe si yake, Windows n'kuiwaza khofi. Kawirikawiri wochititsa amakhala mlendo wolowerera mu browser, monga extension kapena pulogalamu yoteteza ku mavairasi, ndipo nthawi zina RAM yeniyeniyo imakhala yawonongeka. Tifikako.

Tsopano za kuchotsa n'kuikanso, zomwe mwachita kawiri. Sizidathandize chifukwa mukachotsa Chrome, imasiya katundu wanu yense. Ma extension, ma bookmark, mapasiwedi, mbiri ya masamba omwe mudayendera, zonsezi zimakhala mu foda yapadera yotchedwa profile, yomwe pa Windows ili ku %LOCALAPPDATA%\Google\Chrome\User Data. Pochotsa paja idakufunsani ngati mukufuna kufufutanso browsing data, ndipo mosakayika simudachonge kabokosiko. Mudachita bwino kusachonga, koma zikutanthauza kuti Chrome yatsopanoyo idafikira m'nyumba yakale yomweyo, n'kuvala zovala zomwe zidali ndi nsabwe.

Kuyesa ngati vuto lili mu profile n'kosavuta. Dinani kachithunzi kanu pakona yakumanja kumwamba, musankhe Guest. Windo yomwe itseguke ilibe extension ngakhale imodzi, ilibe chilichonse chanu. Gwirani ntchito mmenemo tsiku lonse, ntchito yomwe ija imaigwetsa. Ikapirira, tadziwa kuti Chrome ndi makina zili bwino, chovuta chili m'katundu wanu. Bwererani ku profile yanu, lembani chrome://extensions pomwe mumalemba adiresi ya tsamba. Musazimitse imodziimodzi, mudzakalamba. Zimitsani theka. Ikagwabe, wolakwa ali mu theka lomwe latsala loyaka. Ikasiya, ali mu lomwe mwazimitsa. Gawaninso pakati theka lokayikitsalo. Ngakhale mutakhala ndi ma extension 16, kugawa kanayi kokha mwamugwira. Ine ndimayamba kukayikira zotsitsira mavidiyo, ma VPN aulere ndi zija zimadziika zokha munthu akamaika pulogalamu ina. Ngati pali extension yomwe simukukumbukira kuti mudaiika liti, ichotseni osaimvera chisoni.

Ma extension onse akazima koma ikugwabe, pomwe ku Guest kuli bata, ndiye kuti fayilo ina mu profile yawonongeka. Zimenezi zimachitika laputopu ikazima mwadzidzidzi batire litatha, Chrome ili mkati molemba. Sungani kaye ma bookmark ndi mapasiwedi, kaya poyatsa Sync kaya powatulutsira mu fayilo. Tsekani Chrome, lowani mu User Data muja, foda yotchedwa Default muisinthe dzina ikhale Default.old. Musaifufute. Chrome ikatseguka ipanga ina yatsopano, ndipo yakale ija ilipo ngati mwaiwalamo kanthu.

Nanga ikagwa ngakhale ku Guest? Apa ndifunse: kodi imakonda kugwa mukatsegula vidiyo, mapu, kapena msonkhano wa pa kamera? Ngati ndi choncho, kayikirani driver ya zithunzi, pulogalamu yomwe imayendetsa chipangizo cha zithunzi. Browser imatuma mbali ina ya ntchito yojambula tsamba ku chipangizo cha zithunzi cha mu laputopu, ndipo driver ikakhala yakale kapena yosagwirizana nayo, onse awiri amagwera limodzi. Pitani ku Settings, System, muzimitse "Use graphics acceleration when available", mudine Relaunch. Ikachira, mwapeza gwero, koma mankhwala enieni ndi kuika driver yatsopano yochokera pa webusayiti ya kampani yomwe idapanga laputopuyo. Kusiya chozimitsa mpaka kalekale sindikukulangizani, chifukwa ntchito yonse imagwera purosesa, fani imayamba kulira ndipo batire silichedwa kutha.

Chida chomwe ndimachikonda kuposa zonse, chomwe ngakhale amisiri anzanga ena sachitsegula, ndi Reliability Monitor. Dinani Start, lembani reliability, musankhe "View reliability history". Mupeza tchati cha masiku, ndipo tsiku lililonse lomwe pulogalamu idagwa pamakhala kachizindikiro kofiira ka X. Bwererani masabata awiri, tsiku lomwe timazindikiro tofiirato tidayamba. Pansi pake pamalembedwanso zomwe zidaikidwa tsiku limenelo, kaya update ya Windows, driver kapena pulogalamu yatsopano. Chinthu chomwe chinkayenda bwino sichiyamba kugwa chokha, china chake chidalowa. Mukadina "View technical details" pa mzera wa chrome.exe, yang'anani "Fault Module Name". Dzina likayamba ndi nv, ndi driver ya NVIDIA. Ati kapena amd ndi ya AMD. Ig ndi ya Intel. Likakhala dzina lofanana ndi pulogalamu yanu yoteteza ku mavairasi, ichiteni update, ndipo ngati muli nazo ziwiri chotsani imodzi, chifukwa atambala awiri salira m'khola limodzi.

Chenjezo limodzi: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mugwiritse ntchito, muone. Mukasintha zisanu nthawi imodzi n'kuchira, simudzadziwa chomwe chachiza, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zonsezi zikakanika, yesani browser ina, koma musankhe bwino. Ambiri amayesa Edge n'kunena kuti nayonso ikugwa, osadziwa kuti kuyambira Januwale 2020 Edge imayendera injini yomweyo ya Chromium, monganso Opera ndi Brave. Ndi ana a mimba imodzi. Yoyesera yabwino ndi Firefox, yomwe ili ndi injini yakeyake, Gecko. Firefox ikagwanso, siyani za browser, yezani makina. Dinani batani la Windows ndi R, lembani mdsched, kompyuta izima n'kuyaka ikuyeza RAM. Pulogalamu ina yoyezera RAM yotchedwa MemTest86 imafufuza mozama kuposa pamenepo. Isiyeni igwire usiku wonse. Cholakwika ngakhale chimodzi chikapezeka, RAM imeneyo njofunika kusintha. Ikani dzanja potulukira mpweya: pakamatentha kwambiri koma mpweya ukutuluka wochepa, fumbi latseka. Ndipo ngati laputopu yanu ili ndi malo oonjezera RAM, kuikweza kufika 8 GB kudzakuthandizani kuposa njira zonse ndatchulazi.

Kwa ena omwe akuwerenga ali ndi Windows 7 kapena 8.1: Chrome yomaliza yomwe idapangidwira inu ndi 109, ya Januwale 2023. Masamba akusintha tsiku ndi tsiku, browser yanu idaima pomwepo, ndiye kugwa kwina kulibe mankhwala kupatula kusintha Windows. Kwa inu ogwiritsa ntchito Firefox, njira ndi yomweyi, mayina okha ndiwo asiyana: gwirani Shift poitsegula kuti ilowe mu Troubleshoot Mode, ndipo pa about:support pali batani la Refresh Firefox lomwe limapanga profile yatsopano osataya ma bookmark ndi mapasiwedi.

Funso lotsatira la mayi omwewo: Zikomo amisiri. Ku Guest sikudagwe. Ndagawa monga mudanenera, ndapeza extension yotsitsira mavidiyo. Koma tsiku lina idagwa ndikudzaza fomu yaitali, zonse zidapita. Pali njira yozibwezera?

Yankho: Ma tab amabwerera, mayi. Mukaitsegulanso dinani Restore, kapena Ctrl, Shift ndi T pamodzi. Koma zomwe mudalemba mu fomu kawirikawiri zimapita ndithu, pokhapokha tsambalo likhale lodzisungira lokha. Mayankho ataliatali muziyamba mwawalemba mu Notepad kapena Word, kenako n'kukopera mu fomu. Ndipo ngati Restore ikuigwetsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti mwa ma tab obwerawo muli lomwe lidaipha. Ikaneni, mutsegule masambawo limodzilimodzi kuchokera ku History.

Funso: Achimwene, ine vuto langa lili pa foni ya Android. Ndikatsegula Chrome imangobwerera pa sikirini yoyamba. Wina wandiuza kuti ndikaifulashitse.

Yankho: Achimwene, kufulasha ndi kufomata kwa pa foni, ndiye yankho ndi lomwelo: osati lero. Onani kaye malo otsala mu Storage. Foni ikadzaza ndi zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, mapulogalamu amayamba kugwa mosinthana. Kenako Settings, Apps, Chrome, Storage. Pamenepo pali mabatani awiri oyandikana omwe alizapo anthu. "Clear cache" imachotsa zinyalala zokha, mungaidine osaopa. "Clear storage" kapena "Clear data" imasesa zonse, ma tab, mbiri ndi zomwe simudasunge ku akaunti yanu ya Google. Yambani ndi yoyambayo, muzimitse foni n'kuiyatsanso.

Mukatero lowani mu Play Store, muchite update Chrome pamodzi ndi Android System WebView. Kachiwirika anthu sakadziwa chifukwa kalibe chithunzi pa sikirini, koma ndi komwe mapulogalamu ena amabwereka akafuna kuonetsa tsamba la pa intaneti. Mu Malichi 2021 update yolakwika ya WebView idagwetsa Gmail ndi mapulogalamu ena ambiri pa mafoni a Android dziko lonse lapansi, ndipo chidachiza ndi update ina yomwe Google idatulutsa patangopita maola. Choncho mukaona kuti si Chrome yokha ikugwa, yambirani pamenepo.

Ngati foni yanu ndi ya RAM ya 2 GB, kwinako si kuwonongeka ayi. Android ikapanikizika imatseka dala pulogalamu yomwe ili kumbuyo, n'chifukwa chake mukapita kukakopera nambala mu meseji n'kubwerera, mumapeza tsamba likuyambiranso. Mapulogalamu odzitcha oyeretsa ndi kuthamangitsa foni achotseni, amadya RAM yomweyo akuti akuipulumutsa. Dinani kabokosi ka nambala pafupi ndi adiresi muone ma tab omwe ali otsegula. Mukapeza kankhope komwetulira m'malo mwa nambala, ndiye kuti adutsa 99, atsekeni onse.