Thumba la makilo 50 ndi mtengo wa 12,50: chodumpha n'chiti, choyenderera n'chiti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa ku Ulongué, amene ali chaka choyamba cha maphunziro a ulimi. Walemba chonchi: "Aphunzitsi, ku estatística akutiuza kuti tizisiyanitsa variável discreta ndi variável contínua. Ine ndimangoyang'ana ngati nambala ili ndi vírgula. Pa mayeso ndinalemba kuti kulemera kwa thumba la kachewere, makilo 50, ndi discreta, ndipo mtengo wa 12,50 meticais ndi contínua. Zonse ziwiri ndinalakwa. Nanga ndiziyang'ana chiyani?"

Mlongo wanga, musadzimvere chisoni, chifukwa dzenje limeneli agweramo ambiri. Vírgula, kachizindikiro kolekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take monga mu 12,50, imangoonetsa mmene munthu wailembera nambala papepala. Inu muziyang'ana chinthu chenichenicho, musanagwire n'komwe cholembera.

Discreta ndi contínua ndi mitundu iwiri ya variável aleatória, ndiye kuti nambala imene simukuidziwa mpaka chinthucho chitachitika. Mwadzala njere 10 za chimanga m'thireyi kuti muone ngati mbewu ili yabwino. Zimera zingati? Lero simungadziwe, koma mukudziwa mayankho onse otheka: 0, 1, 2, mpaka 10. Mayankho 11 okha basi, ndipo pakati pa 7 ndi 8 palibe kanthu. Nambala yotere ine ndimaitcha yodumpha, ndiyo discreta: ili ngati miyala yowolokera pamtsinje, mukachoka pa umodzi mufikire pa wina. Tsopano chimanga chija chamera, mukufuna kudziwa kutalika kwa mmera umodzi pakatha masabata awiri. Pakati pa masentimita 14 ndi 15 pali 14,5. Pakati pa 14,5 ndi 14,6 pali 14,55. Mungapitirize mpaka dzuwa kulowa osapeza mpata wopanda nambala, ndipo mmera uja pokula unadutsa ponsepo, sunalumphe. Iyi ndiye yoyenderera, contínua.

Ndiye funso loyamba n'lakuti: ndikatenga mayankho awiri otheka, kodi pakati pake nthawi zonse pali yankho lina lotheka?

Liyeseni pa thumba lanu lija. Sikelo ya pamsika ikati 50, sikuti thumbalo likulemera 50 ndendende. Mwina ndi 49,8, mwina 50,13. Sikeloyo ndi imene yalephera kuona tizigawo ting'onoting'ono, nkungotchula nambala yoyandikira. Mutapita nalo pa sikelo ya ku laboratório mungapeze manambala ena kuseri kwa vírgula. Kulemera ndi contínua, kaya sikelo ikhale yokalamba bwanji. Pomwe mtengo, ngakhale uli ndi vírgula, umadumpha: metical imodzi ili ndi masentavu 100, ndipo pakati pa 12,50 ndi 12,51 palibe mtengo umene munthu angalipire. Kunena zoona, akatswiri a zachuma akamawerengera ndalama zambirimbiri amazitenga ngati zoyenderera kuti masamu aphweke, popeza sentavu imodzi siioneka pa mamiliyoni. Kumeneko n'kusankha kwa wowerengera, ndalamayo payokha ndi yodumpha.

Pali misampha ina iwiri. Woyamba ndi avereji. Mbuzi imabereka mwana mmodzi, awiri, nthawi zina atatu. Mukapeza kuti m'khola mwanu avereji ndi 1,5, musaganize kuti chiwerengero cha ana chasanduka contínua. Palibe mbuzi inaberekapo mwana ndi theka. Wachiwiri ndi kuganiza kuti chodumpha chimayenera kukhala ndi malire. Njinga yamoto ikazizidwa m'mawa wa mwezi wa June ku Tsangano, muiponda kangati kuti ilire? Kamodzi, kawiri, ka 9, palibe amene angaike nambala yomaliza. Komabe ndi discreta, pakuti mayankhowo mungawandandalike limodzi pambuyo pa linzake.

Koma chimene ndikufunitsitsa kuti mumvetse si mayina awiriwa ayi. Chifukwa chimene timawasiyanitsira n'chakuti mwayi, probabilidade, umawerengedwa mosiyana. Apa tengani njinga yakapalasa, muigadabuze, chishalo pansi. Mangani kamtengo pa foloko kuti kaloze limu, zunguzani gudumu lakutsogolo, tsinzinani, kenako muligwire ndi dzanja. Ndati muligwire chifukwa mukalisiya kuti liime lokha limakonda kutsamira kumene kuli kolemera, ndiye mbali zonse sizikhalanso ndi mwayi wofanana.

Magudumu ambiri ali ndi masipoko 36, choncho pa limu pali mipata 36. Lembani manambala ndi choko, 1 mpaka 36. Mukafunsa kuti kamtengo kaloza mpata wa nambala yanji, funsolo ndi la discreta. Mpata uliwonse uli ndi mwayi wa 1/36, ndipo mukaphatikiza yonse 36 mupeza 1. Mwayi wakhala m'milumilu, ngati tomato pamsika.

Tsopano pukutani choko chija, mufunse kuti kamtengo kaloza madigiri angati kuchokera pa valavu. Yankho lili paliponse pakati pa 0 ndi 360. Mwayi woti likhale pakati pa 0 ndi 90 ndi 90/360, ndiye kuti 1/4. Pakati pa 40 ndi 50 ndi 10/360. Pakati pa 45 ndi 46 ndi 1/360. Chepetsani mpatawo kukhala gawo limodzi la magawo 10 a digiri, mwayi ukhala 1/3600. Mukamachepetsabe, mwayi nawo ukuphwerabe, ndipo mukafika pa kadontho kamodzi, 45 ndendende popanda kakang'ono kowonjezera, mwayi ndi 0. Ophunzira anga ambiri amakwinya nkhope akafika apa, amati nanga gudumulo si liima penapake? Inde liima, ndipo malo amene laimawo analinso ndi mwayi wa 0 musanazunguze. Ku contínua, mwayi wa 0 sutanthauza kuti n'zosatheka. Utanthauza kuti kadontho kalibe m'lifupi, monga mzere wa malire a munda ulibe mahekitala ngakhale munda wonse uli nawo. Gudumu ndi lomwe lija, dzanja ndi lomwe lija, chasintha ndi funso lokha.

N'chifukwa chake m'buku lanu mupeza tebulo kapena timizati totalikirana pa discreta, koma pa contínua mupeza mzere wokhota, função densidade, ndipo mwayi ndi kukula kwa malo a pansi pa mzerewo pakati pa manambala awiri. Malo onse pamodzi ndi 1. Izi zikuthandizani pa mayeso: ku contínua, "osakwana 50" ndi "osapitirira 50" ali ndi mwayi wofanana, chifukwa 50 yekhayo sawonjezera kanthu. Ku njere zija za chimanga, "zosakwana 8" ndi "zosapitirira 8" n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake ndi mwayi wonse woti zimere 8. Ndaona ana anzeru akutaya mamalikisi pa kusiyana kwa "osakwana" ndi "osapitirira" kokha, ndipo zimandiwawa.

Popeza ndinu wa ulimi, mudzakumana ndi mvula. Mamilimita a mvula imene yagwa pa tsiku ndi chinthu choyeza, ndipo mabuku a chaka choyamba amaika ku contínua. Koma taganizirani tsiku limodzi la mwezi wa October kuno ku Angónia. Mwayi woti choyezera mvula chikhale chouma, 0 ndendende, ndi waukulu ndithu, si 0 monga tinaonera pa gudumu. Ndiye kuti pali mulu umodzi pa 0, kenako choyenderera kuyambira pamenepo kupita m'mwamba. Nambala yotere amati variável mista, yosakaniza, ndipo mudzaiona mukadzayamba kuwerengera nthawi yodzala. Pa mayeso a chaka chino, akakufunsani za mamilimita a mvula lembani contínua, akakufunsani za masiku amene mvula inagwa m'mwezi lembani discreta.