Lentil za ku Canada zikukhudzana bwanji ndi nandolo wa ku Phalombe?

Mafunso a ulendo uno achokera ku kalabu ina ya alimi a nandolo ku Phalombe. A tcheyamani a kalabuyo akuti venda wina adawauza kuti mtengo wa nandolo utsika chifukwa ku Canada akolola lentil zambiri. Ndiye akufunsa kuti: kodi lentil nchiyani, nanga munda wa ku Canada ungagwetse bwanji mtengo pamsika wa ku Migowi, kapena vendayo amangofuna kuwabera?

A tcheyamani, venda akafuna kugula motchipa sasowa chonena, zimenezo tonse timazidziwa. Koma pa nkhani iyi wagwira mchira wa chinthu choona, ngakhale mwina iye mwini sadziwa kumene kuli mutu wake.

Lentil ndi mbewu ya mtundu wa nyemba, njere zake zing'onozing'ono zaphwatalala ngati batani la malaya. Amene mumawerenga Baibulo mudakumana nazo pa nkhani ya Esau, pomwe omasulira adazitcha mphodza. Musazisokoneze ndi mphodza zobiriwira zimene timalima kuno, ndi mbewu ziwiri zosiyana. Ku India amazitcha masur, ndipo m'masitolo a amwenye ku Limbe mumazipeza zosenda kale, zofiirira ngati dothi la katondo. Zilipo zamitundu iwiri ikuluikulu, zofiira ndi zobiriwira. Gwiritsitsani zobiriwirazo, chifukwa ndi zimene zimalimbana ndi nandolo wanu.

Nkhani yonse yagona pa India. Dziko limeneli ndilo limalima nyemba zambiri kuposa lina lililonse, komanso ndilo limadya zambiri, moti zolima lokha sizikwana. Ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku ndi dali, yomwe ife tingaiyerekeze ndi chipere. Pakati pa dali wokondedwa kwambiri pali wa nandolo, amene iwo amati tur, ndipo nandolo wambiri amene mavenda amagula kwa inu amakathera m'miphika ya kumeneko. Tsono lentil zobiriwira zikasendedwa, mkati mwake zimakhala zachikasu, ndipo zikaphikidwa zimafananako ndi dali wa nandolo. Nandolo akakwera mtengo, ogula ena, makamaka kumwera kwa India, amathawira ku lentil zobiriwira. Lentil zimenezi zikachuluka nkutchipa, wogula wa ku India sanyengereranso nandolo wa ku Malawi, Mozambique kapena Tanzania. Zikasowa, amatifunafuna.

Dziko limene kwa zaka zambiri lakhala likugulitsa lentil zambiri kunja ndi Canada, ndipo pafupifupi zonse zimachokera m'chigawo chimodzi chotchedwa Saskatchewan. Amabzala mu Epulo ndi Meyi, nkukolola mu Ogasiti ndi Seputembala. Taonani miyezi imeneyo: ndi nthawi yomwe inu mukupuntha nandolo pabwalo. Nchifukwa chake nkhani za kumeneko zimafika pasikelo ya venda msangamsanga. Australia nayo yakwera kwambiri m'zaka zapitazi, mu nyengo ya 2022/23 idakolola matani oposa 1.5 miliyoni, makamaka ku South Australia ndi Victoria. Koma zake zambiri nzofiira ndipo zimakololedwa cha mu Novembala ndi Disembala, choncho sizitiluma kwenikweni ngati za ku Canada. Turkey imagula zambiri, nkuzisenda, nkukazigulitsanso kumayiko a Aluya. Russia ndi Kazakhstan nawo alowa pamsika ndi mitengo yotsika.

Mayi wina wa m'kalabu yomweyi wafunsa kuti anthu amadziwa bwanji kuchuluka kwa zokolola mbewu zidakali m'munda, nanga tiwakhulupirire?

Mayi, kumbukirani momwe ife alangizi timayendera m'minda mwanu ndi tepi ndi kope, kuyeza munda ndi kufunsa za feteleza. Umene uja ndi kauniuni wa zokolola, amene Unduna wa Zamalimidwe umachita katatu pa chaka. Gawo loyamba limadalira zomwe alimi abzala, lachiwiri momwe mbewu zikuonekera, lachitatu ndiye timayeza zokolola zenizeni. Mayiko ena amachitanso chimodzimodzi, kungoti zida zawo nzapamwamba. Bungwe la Statistics Canada limatulutsa chiyerekezo kumapeto kwa Ogasiti ndi china mu Seputembala, pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti ndi malipoti a nyengo, kenako mu Disembala limatulutsa chiwerengero chochokera kwa alimi eni ake. Ku Australia bungwe la ABARES limatulutsa lipoti lake kanayi pa chaka: Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. India nayo ili ndi ziyerekezo zake zotuluka pang'onopang'ono chaka chikamayenda.

Chiyerekezo chimasintha. Ng'amba ya masabata atatu mbewu ikuchita maluwa, kapena mvula yogwa pa nthawi yokolola, imatha kusokoneza zonse. Ine chimene ndimayang'ana si nambala yokha ayi, koma komwe ikulowera: kodi lipoti la mwezi uno lakweza kapena latsitsa la mwezi watha? Amalonda nawo amatero. Sadikira kuti thumba lifike mugodauni, amasintha mtengo tsiku lomwelo lipoti latuluka. Chitsanzo chodziwika ndi cha 2021. Chilala chidawamba minda ya kumadzulo kwa Canada, zokolola za lentil zidatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.9 miliyoni mu 2020 kufika pa matani 1.6 miliyoni, ndipo mitengo idayamba kukwera makina okololera asanalowe nkomwe m'munda.

Komabe ndikuuzeni zoona, a tcheyamani: nyengo ya ku Canada ndi yaying'ono poyerekeza ndi cholembera cha boma la India. Ambiri a inu simunaiwale. Mvula idavuta ku India mu 2014 ndi 2015, nandolo adasowa, mtengo udakwera mpaka kuno kwathu, ndipo aliyense adathamangira kubzala, ngakhale amene sadalimepo nandolo chibadwire. Alimi a ku India nawo adachita zomwezo. Mvula itabwera bwino mu 2016 adakolola nandolo wochuluka kuposa kale lonse, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo lidalamula kuti nandolo wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Kuno mavenda adapachika masikelo, ndipo alimi ena adangomusiya nandolo kuti athetheke m'munda. Mu Disembala chaka chomwecho India idaika msonkho wa 30 peresenti pa lentil, alimi a ku Saskatchewan nawo nkulira maliro omwewo. Choncho mlimi wa thirakitala wa ku Canada ndi inu wa khasu muli pamzere umodzi, pakhomo la wogula mmodzi.

Kuchokera apo chitseko chakhala chikutseguka ndi kutsekeka malinga ndi mitengo ya chakudya ku India. Mu 2021 Malawi idasainirana ndi India mgwirizano woti tizitumiza nandolo wokwana matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Mozambique nayo idasainirana ndi India wake wa matani 200,000. Mapangano otere amathandiza, koma samanga mtengo. Amangotsegula njira.

Funso limene ndimaliyembekezera lafika kuchokera kwa mnyamata wina wa m'kalabumo: bwanji nafenso tingolima lentil zomwezo?

Achimwene, mtima wofuna kuyesa zatsopano ndi wabwino, koma musagulitse mbuzi chifukwa cha zimenezi. Lentil zimafuna nyengo yozizira ndi youma. Kukatentha pa nthawi ya maluwa zimayoyola, ndipo chinyontho cha dzinja lathu chimazibweretsera matenda a chiwawu ndi kuola kwa mizu. Muno mu Africa zimachita bwino kumapiri a Ethiopia ndi kumpoto monga ku Morocco. Nzazifupi, sizifika nkomwe m'chiuno, ndipo udzu umazigonjetsa mosavuta. Tiyerekeze mwakolola matumba asanu, mukagulitsa kwa yani, pomwe wa sitolo ya ku Limbe akupeza zosenda kale, zoyera bwino, zochokera kwa mlimi wa mahekitala mazanamazana? Ngati chidwi chakugwirani, yesani kabedi kamodzi kudimba m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, mudzatiuze zomwe mwaona. Munda waukulu usiyireni nandolo, amene amapirira ng'amba, amakonza nthaka, amakupatsani ndiwo ndi nkhuni zomwe.

Tsopano ku funso lenileni la a tcheyamani, lomwe sadalifunse poyera: tigulitse kapena tisunge?

Mwayi wa nandolo wathu uli pa kalendala. Ku India amabzala mu Juni ndi Julayi, nkuyamba kukolola cha mu Disembala ndi Januwale. Wathu amacha kuyambira Julayi mpaka Okutobala, nthawi imene nkhokwe zawo zapepuka. Koma ayenera kuyenda pamsewu kapena panjanji kukafika ku Nacala kapena Beira, nkuwoloka nyanja, nkukafika wawo asanalowe pamsika. Nchifukwa chake ogula akuluakulu amalimbikira mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, kenako amazilala. Nandolo si chimanga choti mukasunga mpaka Febuluwale mtengo ukwera ndithu. Ndaonapo alimi akusunga mpaka Khirisimasi, nkudzagulitsa motchipa nandolo wofumbwa kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndiye mukamva kuti mvula ku India yagwa bwino, alimi awo abzala nandolo wambiri, ndiponso Canada ikuyembekezera zokolola zochuluka, musachedwe, gulitsani gawo lalikulu msika udakali wotentha. Mukamva kuti mvula yawo yavuta ndipo ku Saskatchewan kwauma, mutha kulimba mtima masabata angapo, koma gulitsani pang'onopang'ono, osadikira tsiku limodzi la mtengo wa m'maloto. Wosungayo aumitse bwino mpaka njere izithetheka poiluma, apete, achotse miyala ndi zofumbwa, asunge m'matumba osalowa mpweya aja a PICS. Ndipo monga kalabu, sonkhanitsani katundu wanu pamodzi, muimbire ogula awiri kapena atatu a ku Limbe musanavomere mtengo wa venda wa panjinga. Matani khumi osankhidwa bwino amalankhula mawu ena kusiyana ndi ndowa imodzi.

Za munda wa chaka chamawa, musawonjezere maekala chifukwa cha mtengo wa chaka chino, zija za 2017 zidayamba choncho. Bzalani nandolo m'chimanga monga mwa nthawi zonse, gawo lina la munda mupatse mtedza kapena soya. Amene mukufuna mbewu yocha msanga kuti mupeze msika wa Ogasiti, bwerani ku ofesi ya zaulimi tikambirane za mbewu ya nandolo ya Mwaiwathualimi mvula isanayambe.