Fisi, mbuzi ndi dengu la nandolo pa Ruo

Bambo wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo. Mwana wawo wabwera kuchokera kusukulu ndi ndagi ya mlimi wofuna kuolotsa fisi, mbuzi ndi dengu la nandolo pa Ruo, pomwe bwato limangonyamula iyeyo ndi chinthu chimodzi. Akachoka, fisi adya mbuzi, mbuzi idya nandolo. Akuti, "Tayesa banja lonse, zakanika. Kodi aphunzitsi sanaphonye funsoli?"

Sanaphonye, bambo. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi: musamuuze mwanayo yankho kuti aloweze. Zimandipweteka kuona ndagi yabwino chonchi ikusandutsidwa nyimbo yoloweza pamtima. Mwana wotero mukangomusinthira fisi n'kuikapo galu, amayambanso kukanda mutu. Lembani mzere pansi, umenewo ndiye mtsinje. Mwala ukhale fisi, chitsekerero cha botolo chikhale mbuzi, njere ya nandolo iimire dengu, chikhatho chake ndiye bwato. Akaoloka, asayang'ane kumene wafika. Ayang'ane tsidya limene wachoka, afunse kuti, "Atsala awiriwa adyana kodi?"

Ambiri amakodwa chifukwa amatenga fisi ngati mwini mlandu. Fisi alibe nazo ntchito nandolo, mungawasiye pamodzi mpaka dzuwa kulowa. Yovuta ndi mbuzi, chifukwa imadyedwa komanso imadya. Choncho ulendo woyamba ulibe chosankha. Mukayamba ndi fisi, nandolo zapita. Mukayamba ndi dengu, mbuzi yapita.

Msampha wachiwiri ndi umene ndikukhulupirira kuti wakugwirani. Timaganiza kuti chimene chaoloka chaoloka basi, kuchibweza n'kutaya mphamvu. Koma werenganinso funsolo, palibe pamene laletsa kubwerera ndi katundu. Lamulo limenelo timadziikira tokha. Ena zikawakanika amayamba zoti fisi amangiriridwe pamtengo, kaya mbuzi isambire. Ayi, kumeneko n'kuthawa funso, ndipo mwana musamulole kutero. Njira zoimikira mlimi ndi zinthu zitatuzi pa matsidya awiri zilipo 16, zisanu ndi imodzi mwa izo china chimadyedwa, zotsala ndi 10 zokha. Ndagi ya njira 10 si yofunika chingwe.

Ndagiyi ndi yakale kwambiri. Ikupezeka m'mafunso a masamu amene amati adalemba ndi Alcuin wa ku York ku England, mphunzitsi wa kunyumba ya mfumu Charlemagne ya ku Ulaya, cha m'ma 800. Kumeneko ndi mmbulu, mbuzi ndi kabichi. Kuno ku Africa iliponso m'mitundu yosiyanasiyana, ndipo yondigwira mtima ndi ya anthu a mtundu wa Ila ku Zambia: kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la chimanga. Kambuku amadya mbuzi, mbuzi ndi khoswe amadya chimanga. Imeneyo ndiye yosathekadi ngati bwato likunyamula chimodzi, chifukwa chilichonse chimene mungayambe nacho, mwa zitatu zotsalazo muli ziwiri zodyana. M'nthanoyo munthuyo amangosiya ulendo, posafuna kutayapo chilichonse. Bwato likamanyamula ziwiri, maulendo atatu akwana: kambuku ndi chimanga, kubwerera yekha, kenako mbuzi ndi khoswe.

Maulendo a mlimi wathu

Ndi 7, ndipo sangachepe. Aolotse mbuzi, abwerere yekha. Aolotse fisi, koma pobwerera aikenso mbuzi m'bwato. Ulendo wachinayiwu ndiwo mtima wa ndagi yonse. Afika tsidya lino, atsitse mbuzi, atenge dengu la nandolo kukalisiya kwa fisi. Abwerere yekha, adzatenge mbuzi. Mukawerenga, mbuzi yakwera bwato katatu, mlimi wapalasa yekha kawiri.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'choti pa ulendo wachisanu mwana amatenganso mbuzi yomweyo, n'kumangozungulira. Muuzeni kuti chimene wangotsitsa kumene asachikwezenso nthawi yomweyo. Akaipeza, mubwezereni miyala yake poyambira, pa ulendo wachitatu atenge dengu m'malo mwa fisi. Njira imeneyonso imakwana maulendo 7, ndipo mayankho aafupi ndi awiri okhawo.