Aphunzitsi, musadikire kuti akumangireni labotale

Sabata yatha mayi wina wophunzitsa Sitandade 6 anandilembera imelo. Akuti m'kalasi mwake muli ana opitirira 90, zipangizo za sayansi palibe, ndiye akufunsa kuti angatani kuti ana azigwira zinthu ndi manja m'malo mongokopera za pabolodi. Aphunzitsi, funso lanuli landitokosa pachilonda chimene sichinapolebe.

Ndili Sitandade 5 mtima wanga wonse unali pa magalimoto a waya. Wayayo ndinkatola kuseri kwa galaja ya pamsika, matayala ndinkadula kuchokera ku mapatapata otha, chiwongolero chinali chachitali chofika m'chiuno. Chimene chinandisowetsa tulo ndi chakuti matayala akutsogolo azikhota ndikapotoza chiwongolero. Ndinamanga n'kumasula, kumanga n'kumasula, zala zonse mabala okhaokha, mpaka ndinazindikira kuti matayala awiriwo afunika kulumikizidwa ndi kawaya kena kosuntha. Itakhota, ndinaikapo nyali: kababu ka tochi ndi mabatire awiri omwe ndinamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Usiku umenewo ana a mudzi wonse anathamanga pambuyo panga.

M'mawa mwake ndinapita nayo kusukulu. Aphunzitsi athu anailanda, nati kuno sikosewerera, ndipo sindinaionenso. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pambuyo pake tinadzakopera m'makope chithunzi cha batire, waya ndi babu, ndi tanthauzo lake m'Chingerezi. Ndinaloweza, mayeso ndinakhoza, koma palibe anandiuza kuti chojambulidwacho n'chomwe chija ndinamanga ndi manja anga. Ndinadzazindikira ndekha ndili ku sekondale, ndipo ndinapsa mtima.

Aphunzitsi ajawo ndinawakhululukira kalekale. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anadzaza m'sukulu, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba ntchito anthu masauzande ambiri amene anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Munthu wotero, ali pansi pa mtengo ndi chikhamu cha ana, choko ndiye chinali chida chake chokha. Koma chizolowezi chimene chinakula nthawi imeneyo sindichikhululukira. Kukopera manotsi si sayansi ayi. Mwana amene angatchule magawo a duwa koma sanang'ambepo duwa la dzungu n'kuona m'kati mwake, tamunamiza kuti waphunzira.

Timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anamanga makina a mphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito njinga yakale, dayinamo, chokupizira mphepo cha thirakitala ndi mapaipi apulasitiki. Koma timaiwala kuti anachita zimenezo atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, njala itavuta, ndipo anthu ena ankamuyesa wamisala pomuona akutola zitsulo kudzala. Anaphunzira yekha, ndi buku la mulaibulale ndi manja ake. Ana otere alipo m'kalasi mwanumo, aphunzitsi, ndipo ena ndi atsikana amene amathamangitsidwa akangoyandikira pamene anyamata akupinda waya.

Za matabuleti amene akufika m'sukulu zina sindikutsutsa. Amathandiza ana aang'ono kuwerenga ndi masamu. Koma kudina galasi sikungalowe m'malo mwa kumva waya akutentha m'zala chifukwa walumikiza molakwika. Ndipo wina akati mayeso a MANEB a Sitandade 8 safunsa zopanga, ndimamuyankha kuti mwana amene anayatsapo babu saiwala chithunzi chake papepala. Akuluakulu a maphunziro nawonso anakamba kale za TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka komwe muli. Vuto n'lakuti nthawi zambiri zimathera pa tchati chopachika pakhoma alendo akamabwera.

Nanga Lolemba muyambe ndi chiyani?

Agaweni ana m'magulu khumi, ndipo gulu lililonse lisankhe wosunga zipangizo; theka la osungawo akhale atsikana. Apempheni abwere ndi mabotolo apulasitiki, mchenga, makala, timiyala, nsanza ndi nyemba. Botolo lodula pakati, lodzaza nsanza, makala, mchenga ndi timiyala, limasefa madzi amatope ana akuona, koma muwauze momveka kuti madziwo si akumwa. Nyemba zoikidwa pakati pa pepala lonyowa ndi khoma la botolo zimaonetsa muzu ukutsika tsiku ndi tsiku. Aziyeza ndi rula n'kulemba. Pa magetsi, pitani kwa wokonza mawailesi pamsika, akupatseni mawaya, timamotala ndi maginito a m'masipika akufa. Gwiritsani mabatire a tochi okha, magetsi a m'nyumba ayi.

Chinthu chimodzi ndikupempha: babu ikakana kuyaka, musathamangire kukonza. Imani pambali mufunse kuti, "Mukuganiza kuti chavuta n'chiyani?" Phokoso lidzakhalapo, ndiye ahedi muwauziretu Lachisanu. Ndipo funsani m'kalasimo amene ali ndi galimoto ya waya kunyumba, abwere nayo, aime kutsogolo afotokozere anzake mmene imakhotera.